"Rightful owner": mmene mungalembere liwuli pofuna kuti chanu chibwerere m'manja mwanu

Liwu la Chingerezi loti "rightful" simulifuna pogula tomato ku Soweto Market kapena pofunsa basi ya ku Matero. Mumalifuna tsiku limene foni yanu yobedwa yapezeka kupolisi ndipo anthu awiri akuti ndi yawo, tsiku limene mwapeza wina akukumba maziko pa puloti yanu ku Chalala, kapena maliro atangotha achibale a malemu n'kufika ndi lole kudzanyamula mipando. Makalata a kukhoti, kukhonsolo ndi ku unduna m'Zambia muno amalembedwa m'Chingerezi, choncho munthu amene mlandu wake amaufotokoza bwinobwino m'Chinyanja amakakamizika kuuika m'mawu achilendo. Pamenepo ambiri amagwira "rightful" n'kumalimwaza m'kalata yonse, poganiza kuti likachuluka mlandu ulimba. Liwuli limangonena kuti chinthucho n'chanu. Chotsimikizira ndi mapepala amene mwaliika pambali pake, ndipo malangizo ali m'munsimu akutsata dongosolo limenelo: kulimvetsa, kulilemba molondola, kenako kulipezera pokhazikika.

Choyamba: gwirani tanthauzo lake

"Rightful" ndi mfotokozi, kutanthauza liwu lofotokoza dzina. Linapangidwa kuchokera ku "right", ufulu kapena choyenera, ndi kachidutswa ka "-ful" kamene kalinso mu "careful" ndi "faithful". Limanena za munthu amene lamulo, mwambo kapena chilungamo chikumuloza kuti chinthu n'chake, ngakhale chinthucho chili m'manja mwa wina. M'chilankhulo chathu "the rightful owner" ndi mwini wake weniweni, "the rightful heir" ndi woyenera kulowa m'malo kapena kulandira chuma cha masiye, "her rightful share" ndi gawo lomuyenera, ndipo "his rightful place" ndi malo amene akuyenera kukhalapo.

Taonani mmene timagwiritsira ntchito "weniweni". Palibe amene amati "ndine mwini weniweni wa malaya ndavalawa" pamene palibe womutsutsa. Timawonjezera "weniweni" pakakhala wina amene akudzitcha mwini, kapena chinthu chikatayika n'kugwera kwa munthu wina. N'chimodzimodzi ndi "rightful". Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Liwu ili ntchito yake ndi kunena za fodya amene wachoka pamphuno koma mwini wake sanamutaye. Ngati palibe mkangano ndipo palibe chotayika, lembani "owner" basi. Pa fomu ya kukhonsolo yofunsa mwini nyumba, kulemba "rightful owner" kungapangitse kalaliki kuganiza kuti nyumbayo ili pa mlandu.

Chachiwiri: kalembedwe ndi katchulidwe

Zilembo zake ndi zisanu ndi zitatu: r, i, g, h, t, f, u, l. Kumapeto kuli l mmodzi. "Rightfull" n'kulakwitsa kumene kumabwera chifukwa liwu loti "full" palokha lili ndi ma l awiri, koma likamatidwa kumapeto kwa liwu lina mmodzi amagwa. Ma l awiri amabwereranso mu "rightfully", chifukwa pamenepo mwawonjezera "-ly". Samalaninso ndi "write", kulemba, lomwe limamveka mofanana ndi "right", "writeful" kulibe.

Potchula, g ndi h samveka. Nenani "rait", kenako "ful" mopepuka, mphamvu ili pa mbali yoyamba. Kwa ife l ndi r ndi pachibale, timati "kulira" ndi "kulila" osasintha tanthauzo, koma m'Chingerezi "right" ndi "light" ndi mawu awiri osiyana, ndiye pamaso pa woweruza pindani lilime pang'ono osaligunditsa kumano. Mu "heir" h samveka konse, amatchulidwa ngati "air", n'chifukwa chake amalemba "an heir".

Chachitatu: liikeni pamalo pake m'chiganizo

Apa ndi pamene makalata ambiri amapunthwa, ndipo chifukwa chake chili m'chilankhulo chathu chomwe. Ife mfotokozi timamuika pambuyo pa dzina: mwini weniweni, gawo loyenera. M'Chingerezi "rightful" amakhala patsogolo pa dzina, ndipo safuna kusiyidwa yekha kumapeto kwa chiganizo. Mungathe kunena "the house is big", koma "the owner is rightful" sizimveka. Muyenera kunena "she is the rightful owner".

Patsogolo pake pamabwera "the" kapena liwu la umwini monga "my", "her", "their". "The" amakonda kubwera chifukwa kawirikawiri mwini weniweni amakhala mmodzi. Ngati muli ambiri, monga ana a malemu, lembani "we are the rightful owners", kapena "I am one of the rightful heirs" pamene mukulemba nokha. Kusiyana kumeneku musakupeputse. Mwana mmodzi akalemba "I am the rightful heir" pamene ali ndi abale anayi, kalatayo ikunena kuti enawo alibe gawo, ndipo tsiku lina idzawerengedwa pamaso pawo.

Timawu totsatira pambuyo nato tili ndi malo ake. Amati "rightful owner of the plot", "rightful share of the estate", koma "rightful heir to the throne" ndi "rightful claim to the land". Aneni amene amayenda nalo kawirikawiri ndi obweza: "return it to its rightful owner", "restore her to her rightful place", "hand over to the rightful beneficiaries".

Mukafuna kunena kuti "ndi yanga ndithu mwa ufulu", sinthani n'kutenga "rightfully": "the house is rightfully mine". Kulemba "the house is rightful mine" n'kulakwitsa. Mukafuna kunena kuti "ndikuyenera kulandira", liwu lake ndi "entitled": "I am entitled to a share". "I am rightful to get a share" si Chingerezi. Ndipo liwuli silikwezedwa kapena kutsitsidwa. Musalembe "very rightful" kapena "the most rightful owner". Munthu ndi mwini kapena si mwini. Pamene awiri onse ali ndi ponena, Chingerezi chimati mmodzi ali ndi "a better claim" kapena "a stronger claim".

Chachinayi: onani ngati ndi liwu limene mukulifunadi

Mu Lusaka mumamveka anthu akuti "the rightful bus", "the rightful answer", "the rightful office", pofuna kunena basi yolondola, yankho lolondola, ofesi yoyenera kupitako. Pamenepo liwu lake ndi "right" kapena "correct". Kuti mudziwe msanga, dzifunseni kuti: kodi pali munthu amene angalandidwe chinthu pano? Ngati palibe, "rightful" sakufunika. Wofunsira ntchito amene akulemba "I am the rightful candidate" akunena, mosadziwa, kuti ntchitoyo ndi yake kale ndipo wina wamulanda. Chimene amafuna kunena ndi "the right candidate".

"Righteous" ndi la kutchalitchi, wolungama pamaso pa Mulungu; silikhudza za umwini. "Valid" limanena za pepala limene likugwirabe ntchito, monga laisensi yosatha masiku kapena wilo yosainidwa moyenera, choncho ndi "a valid licence", osati "a rightful licence". "Legitimate" limayenda bwino ndi dandaulo kapena pempho lomveka, "a legitimate claim", "a legitimate complaint". "Lawful" ndi "legal" amanena zimene lamulo lolembedwa likuvomereza. Losemphana nalo ndi "wrongful", koma ilo kawirikawiri limafotokoza zochita, osati anthu: "wrongful dismissal" ndi kuchotsedwa ntchito mosayenera, "wrongful arrest" ndi kumangidwa popanda chifukwa cha lamulo. Munthu amene wakhala m'nyumba yosakhala yake samatchedwa "wrongful owner".

Kusiyana kofunika kwambiri kuli pakati pa "legal owner" ndi "rightful owner". Woyambayo ndi amene dzina lake lili m'kaundula. Wachiwiriyo ndi amene chinthucho chikuyenera kukhala chake. Nthawi zambiri ndi munthu mmodzi yemweyo. Amasiyana pamene wina walembetsa dzina lake mwachinyengo, kapena pamene munagula galimoto n'kulipira ndalama zonse koma white book, pepala la umwini wa galimoto lochokera ku RTSA, bungwe loona za magalimoto, ikadali m'dzina la wogulitsa. Ngati dzina lanu lili kale pa pepala la boma, gwiritsani ntchito liwu lamphamvu kuposa "rightful": pa malo lembani "registered proprietor", pa galimoto "registered owner". Mawu amenewa kalaliki angathe kuwatsimikizira potsegula faelo, pamene "rightful" amafuna kuti wina aweruze kaye.

Chachisanu: pezani chimene liwuli laimapo

Musanalembe chiganizo chilichonse, yankhani pa pepala lapadera funso ili: ndine mwini chifukwa cha chiyani? Mayankho amene ofesi ingamve ndi ochepa. Ndinagula. Ndinapatsidwa ndi boma kapena khonsolo. Ndinasiyiridwa mu wilo. Lamulo la chuma cha masiye likundipatsa. Mwambo ukundiloza. Yankho lililonse lili ndi pepala lake, ndipo kalata yanu iyenera kutchula pepalalo m'chiganizo chomwecho kapena chotsatira.

Pa foni, umboni wake ndi nambala ya IMEI, ya manambala 15, imene imaoneka mukaimba *#06# ndiponso imalembedwa pa katoni. Lisiti yongonena kuti "phone" ndi mtengo wake siithandiza kwenikweni, chifukwa mafoni a mtundu umodzi ndi ambirimbiri ku Town Centre. Lisiti kapena katoni yokhala ndi IMEI yofanana ndi ya foni ili patebulo la wapolisi imathetsa nkhani. Lembani nambalayi m'kabuku lero foni ikadali m'thumba.

Pa malo, kumbukirani kuti Lands Act ya 1995 imaika malo onse a m'Zambia m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse, ndipo chimene munthu amalandira ndi lisi, ufulu wogwiritsa ntchito malowo kwa nthawi yosapitirira zaka 99. Pepala lake ndi certificate of title, yolembedwa ku Lands and Deeds Registry. Lamulo la kaundula ameneyu limati pepalali ndi umboni wokwanira wa umwini, pokhapokha patapezeka chinyengo kapena zolakwika zina zimene lamulolo latchula. Tanthauzo lake n'lakuti ngati mnzanu wa pamkangano ali ndi title, inu n'kungokhala ndi kalata ya tcheyamani wa m'dera, kulemba "rightful owner" kakhumi sikusuntha kanthu. Muyenera kusonyeza mmene title yakeyo inatulukira mwachinyengo, ndipo mlandu wotere umapita ku Lands Tribunal kapena ku High Court. M'makomboni ambiri, monga Chawama, George ndi Kalingalinga, pepala lodziwika ndi occupancy licence ya zaka 30 yochokera ku Lusaka City Council. Yang'anani dzina limene lili pamenepo ndi malisiti a ground rent. Nyumba zambiri zinagulitsidwa kawiri kapena katatu ndi kalata ya pamanja, dzina la ku Civic Centre, kumaofesi a khonsolo, likadali la munthu woyamba amene mwina anamwalira kale, ndipo zikatero muyenera kulumikiza makalata onse ogulitsirana, kuchokera kwa iye mpaka kwa inu, popanda podumpha.

Pa chuma cha masiye ndi pamene liwuli limapweteketsa mabanja kwambiri, chifukwa aliyense amalinena akuganiza lamulo lina. Kwa Achewa, pansi pa Kalonga Gawa Undi ku Katete, ufumu umatsata kuchikazi: wolowa m'malo amachokera mwa ana a alongo a mfumu. Kwa Angoni a Mpezeni ku Chipata umatsata kuchimuna. Choncho "the rightful heir" pa mpando wa ufumu ndi munthu wosiyana kutengera ndi mtundu. Malume amene abwera kuchokera kumudzi n'kunena kuti katundu wa malemu ndi wa mbumba nthawi zina sakunama mwadala. Akulankhula za mwambo umene anakuliramo. Koma pa nyumba ya ku Kabwata, galimoto ndi ndalama za kubanki za munthu amene wamwalira osasiya wilo, chimene khoti limatsata ndi Intestate Succession Act ya 1989. Lamuloli silikhudza malo a mwambo akumudzi, katundu wa ufumu ndi katundu wa banja lonse, koma zina, kupatula nyumba ndi katundu wa pakhomo monga mipando ndi galimoto, limazigawa motere: 20 peresenti kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 peresenti kwa ana, 20 peresenti kwa makolo a malemu, ndi 10 peresenti kwa ena amene malemu ankawasunga.

Tiyerekeze kuti mutalipira ngongole ndi zowonongedwa pamaliro patsala K200,000. Mayi wamasiye alandira K40,000, ana onse pamodzi K100,000, makolo K40,000, osungidwa K20,000. Gawo la ana siligawidwa mofanana nthawi zonse. Lamulo limati ayang'ane msinkhu ndi zosowa za sukulu, ndiye mwana wa giredi 3 angathe kulandira zambiri kuposa mkulu wake amene ali pantchito. Mwana wobadwa kunja kwa ukwati ndi mwana ndithu pa lamuloli. Ngati akazi anali awiri kapena kuposerapo, amagawana 20 peresenti yomweyo poyang'ana zaka zimene aliyense wakhala pabanja. Nyumba ili ndi lamulo lakelake: imapita kwa wamasiye ndi ana, ndipo wamasiyeyo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse, ufulu umene umatha akakwatiwanso kapena kukwatiranso.

Zimenezi zikusintha mawu oti mulembe. Mayi wamasiye amene ali ndi ana asalembe "I am the rightful owner of the house", chifukwa nyumbayo si ya iye yekha ndipo wa mbali inayo adzagwira pomwepo. Alembe kuti iye ndi ana ndi "the rightful beneficiaries", ndipo atchule lamulolo ndi dzina lake. "Beneficiary", wolandira gawo la chuma, ndi liwu limene maofesi a penshoni, mabanki ndi makhoti amalizolowera kuposa "heir". M'bale amene wasankhidwa kukhala administrator nayenso asadzitche "rightful owner". Kalata ya kukhoti yomuika pa udindowu imamupatsa ntchito yosonkhanitsa chuma, kulipira ngongole, kugawa ndi kupereka ndondomeko ya mmene wayendetsera. Chumacho si chake, ndipo kuti agulitse nyumba ayenera kupeza chilolezo cha khoti. Kusamvetsa zimenezi ndi kumene kwasiya ana ambiri amasiye panja pamene amalume awo akuti "mapepala ali m'dzina langa".

Chachisanu ndi chimodzi: lembani kalatayo

Ikwane tsamba limodzi. Pamwamba ikani adiresi yanu, tsiku, ndi udindo wa amene mukumulembera. Mutu wa kalata utchule chinthucho ndi nambala yake, kaya ndi ya puloti, ya galimoto kapena ya IMEI, chifukwa kalaliki amafufuza faelo ndi nambala, osati ndi nkhani.

Ndime yoyamba inene kuti ndinu ndani, ndi nambala ya reji yanu, chitupa cha boma chokuzindikiritsani, ndi chimene mukufuna. Apa ndi pamene "rightful" akulowa, kamodzi kokha, chifukwa chake chili pambali: "I am the rightful owner of this phone, having bought it on the date shown on the attached receipt, which bears its IMEI number." Onani mmene chiganizochi chikuyendera: ndine mwini weniweni, ndinagula tsiku lakuti, lisiti ndi iyi, nambala ikugwirizana. Mukachotsa mbali yachiwiriyo, chotsala ndi mawu amene wakuba nayenso angathe kulemba.

Ndime yachiwiri ifotokoze zimene zinachitika, motsatira masiku. Lembani zimene munaona ndi zimene muli nazo umboni. Pewani kutcha munthu "thief", "crook" kapena "fraudster" m'kalata yoti anthu ena aiwerenge. Ngati khoti silinamupeze wolakwa, angathe kukusumirani mlandu woipitsa mbiri, ndipo nkhani ya puloti idzasanduka nkhani ya pakamwa panu. Kunena kuti "he is in occupation without my consent", akukhalapo popanda chilolezo changa, kukukwanira ndipo n'kovuta kukutsutsa.

Ndime yachitatu ikhale pempho limodzi lomveka ndi nthawi yake: kuti chinthucho chibwezedwe, kuti kumanga kuime, kapena kuti dzina likonzedwe m'kaundula, pasanathe masiku 14 mwachitsanzo. Ngati mwalemba kale "rightful owner" pamwamba, apa ingonenani "return it to me". Pansi lembani mndandanda wa mapepala amene mwaphatikiza.

Musapereke mapepala enieni. Jambulitsani, kenako pitani nawo kwa Commissioner for Oaths kuti adinde kuti akufanana ndi enieniwo. Kalatayo ikhale iwiri. Imodzi isiyeni, inayo aidinde chidindo cha tsiku limene ailandira n'kukubwezerani. Faelo ikasowa, kapepala kodindidwako ndi kamene kadzasonyeza kuti munadandaula liti. Onaninso kuti dzina lanu lalembedwa mofanana pa reji, pa lisiti ndi pa kalata. Zilembo ziwiri zosinthana, kapena dzina la kwa amuna pa pepala lina ndi la kwa makolo pa lina, zimaimitsa nkhani kwa miyezi, ndipo zimafuna afidaviti yofotokoza kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi.

Za afidaviti

Afidaviti ndi yosiyana ndi kalata. Ndi mawu olumbirira, olembedwa m'ndime za manambala, ndipo kunama mmenemo ndi mlandu. Malamulo a High Court salola kuti mukhale mfundo zotsutsana za malamulo kapena chigamulo cha mwini wolumbirayo. Mumayenera kukhala zochitika zokha. "I am the rightful owner" pa malo okanganirana ndi chigamulo, ndipo kugamula ndi ntchito ya woweruza. Loya wa mbali inayo angathe kupempha kuti ndime yotereyo ichotsedwe. M'malo mwake lembani tsiku limene munagula, kwa ndani, pa mtengo wanji, mboni zinali ndani, ndipo mwakhalapo kuyambira liti. Woweruza akawerenga zimenezo n'kukhutira, liwu loti "rightful" adzalilemba yekha m'chigamulo, ndipo pamenepo lidzakhala ndi mphamvu imene silikanakhala nayo m'kamwa mwanu.

Ngati mukuopa kuti malo a title agulitsidwa mlandu usanathe, pali chotchedwa caveat, chimene chimaikidwa ku Lands and Deeds Registry kuti malowo asasinthidwe dzina. Pamafunika kunena bwino chimene chikukupatsani gawo pa malowo, ndipo woika caveat popanda chifukwa chomveka angalipitsidwe zimene mnzake wataya. Wamasiye amene akulandidwa katundu apite ku Victim Support Unit ya apolisi msanga, katundu asanachoke mu Lusaka. Amene alibe ndalama ya loya angapite ku Legal Aid Board, ndipo amayi ndi ana alinso ndi National Legal Aid Clinic for Women. Popita kumeneko nyamulani reji, satifiketi ya imfa, ya ukwati ngati ilipo, mapepala a kubadwa kwa ana, ndi pepala lililonse la nyumba.

Liwuli likachokera kwa wina

Tsiku lina ndinu amene mudzakhala mukuwerenga. Makalata ambiri ogulitsirana puloti kapena galimoto amayamba ndi wogulitsa kunena kuti ndi "the rightful owner". Chiganizocho chisiyeni momwemo, chifukwa chidzakuthandizani kumusumira ngati wanama, koma musalipire chifukwa cha icho. Funsani funso lomwe lija: mwini chifukwa cha chiyani? Pa malo a title, tengani nambala ya puloti mukafufuze nokha ku unduna wa za malo, muone dzina lolembedwa, ngati pali caveat, ndi ngati malowo anaikidwa chikole kubanki. Yerekezani dzinalo ndi reji ya munthu amene waima patsogolo panu. Kugulitsa malo otere kumafuna chilolezo cha boma, chotchedwa consent to assign, ndi msonkho wa property transfer tax ku ZRA, bungwe la misonkho, ndipo wogulitsa amene akukana njira imeneyi n'kumakufulumizitsani ali ndi chimene akubisa. Pa nyumba ya m'komboni, kafunseni ku khonsolo, kenako funsani oyandikana nawo mbali zonse kuti nyumbayo amaidziwa kuti ndi ya yani. Ngati dzina la pa pepala ndi la munthu womwalira, pemphani kuona kalata ya administrator ndi chilolezo cha khoti chogulitsira, ndipo kumanani ndi wamasiye ndi ana akuluakulu pamaso musanatulutse ngwee. Pa galimoto, werengani nambala ya chasisi ndi ya injini pa galimoto penipenipo, chilembo ndi chilembo, muziyerekeze ndi za mu white book, ndipo mukasinthe dzina ku RTSA wogulitsayo akadapezeka pa foni.